Chitseko cha Akamwini

Chitseko cha a Dario chinkadziwa nyengo kuposa wailesi. Chiperoni akangotsika m'phiri la Chambe, ndi nkhungu yake ija komanso kamvula kowaza kosaleka kaja, thabwa linkamwa madzi n'kufufuma, moti kuti chitsekeke pankafunika phewa la munthu wamkulu. A Dario ankachizula, n'kuchigoneka pakhonde, n'kuchipala ndi puleni mpaka chilowe. Dzuwa la Okutobala likafika thabwa linkauma n'kunyala, koma zomwe anapala zija sizinkabwereranso ayi. Chaka ndi chaka ntchito inali yomweyo. Pofika chaka tikunenachi, nkhuku inkadutsa pansi pa chitsekocho osawerama n'komwe.

Chinali cha mkungudza weniweni, wa nthawi ija mkungudza unali mbwee m'phirimo, ndipo anachikhoma okha atangokwatira kumene. Tinene poyera: m'nyumba yonseyo, chawochawo chinali chomwecho basi. Malo anali a akazi awo, a Emma, monga mwa mwambo wa kuno. Njerwa anaumba ndi a Dario, inde, koma dothi lake linali la eni mudzi. Malata anagula ndi a Emma atagulitsa zinanazi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kondi, anali ku Joni, ndipo ngakhale akanakhala pafupi, mwana wamwamuna kuno salowa nyumba ya mayi ake. Woidikira nyumbayo anali Rosie, mwana wa mng'ono wawo wa a Emma, amene ankabwera kudzawazonda pafupipafupi n'kumayang'ana kudenga.

A Dario anafika kuno ali mnyamata, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Anzawo atabwerera iwo anatsala, nalowa ntchito yothyola tiyi ku esiteti, nakwatira pachikamwini. Kwawoko, kuseri kwa Milanje, anapitako kamodzi nkhondo itatha. Anapeza nkhope zachilendo zokhazokha, m'munda mwa mayi awo mukulima anthu ena, ndipo bambo wina anawafunsa mwaulemu ngati abwera kudzagula nandolo. Anabwerako tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo mantha awo anali amodzi: tsiku lomwe a Emma adzatsogole, akuchikazi adzawasudzula, ndiye adzalowera kuti? Anaona ndi maso awo mnzawo Gabriel, mkamwini amene anamerera imvi m'mudzi womwewo, akutuluka atameta maliro a mkazi wake, chitseko atachimangirira panjinga. Anthu anaseka. A Dario sanaseke, chifukwa Gabriel atafika ku Thuchila anapempha kamalo, n'kuimika chitsekocho, n'kuyamba kumanga kanyumba kuchokera pamenepo. Munthu wokhala ndi chitseko ali ndi poyambira, ndimo ankaonera iwo.

Kenako a Emma anadwala mphumu. Chifuwa chinkawagwira kukangozizira, n'kumapuma ngati munthu wokwera phiri atasenza thabwa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala nawauza kuti azipewa mphepo yozizira.

“Ndamva, adokotala,” anatero a Emma. “Ndikakafika ndikaiuza mphepoyo.”

Atafika kunyumba sanaiuze mphepo. Anauza amuna awo.

“Bambo a Kondi, chitseko ichi chatha.”

“Chikungofunika kupala pang'ono.”

“Mukachipalanso titsala ndi chipande. Anzathu akuika zachitsulo. Pitani ku Nkando.”

A Dario anang'ung'udza mlungu wonse, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chifuwa cha akazi awo chinkawapweteka iwo mumtima. Anagulitsa mbuzi zawo, zomwe anaweta kuchokera pa malipiro otsanzikira ku esiteti, nakwera minibasi.

Wowotcherera zitsulo ku Nkando anali Hudson, munthu wamfupi wa magalasi akuda pamphumi, wogwira ntchito pansi pa shedi ya malata kuseri kwa msika. Zitseko anali ataziimika pamzere chotsamira khoma, zina zamaluwa achitsulo, zina zokhala ndi kagalasi pamwamba, china chabuluu chokongola ngati cha kubanki. A Dario anayamba kuchisisita chabuluucho.

“Mumakhala kuti, madala?” anafunsa Hudson.

“Kunsi kwa Chambe.”

“Ndiye chimenecho musachiyang'ane n'komwe. Ndi cha kuno, choopsezera akuba.”

Anachikankha pakati ndi chala chachikulu, chitsulo n'kulowa m'kati, n'kubwereranso chikulira ngati chitini. Anati chopyapyala chotero mphepo ya m'phiri imachipinda, ndipo chikapindika sichigwirizananso ndi loko. Zamaluwazo anati n'zabwino kujambulitsirapo chithunzi, koma m'maluwamo mumakhala madzi, ndipo pokhala madzi ndi pobadwira dzimbiri. Chagalasi anangochidumpha. Anawatengera kumapeto kwa mzere, pa chitseko chobiriwira chopanda chokongoletsa chilichonse, nawauza kuti achinyamule. A Dario anayesa, nachisiya.

“Cha kwanu ndi chimenechi,” anatero Hudson. “Chitsulo chokhuthala. Pansi ndinapaka penti wofiira woletsa dzimbiri, wobiriwirayu ali pamwamba. Kamlomo aka kumunsiku n'kotaya madzi a mvula panja. Ndiye chimabwera ndi felemu yake yachitsulo. Mukuona nyanga zotuluka m'mbalizi? Mumaboola khoma, nyanga n'kulowa, n'kuthira simenti. Mphepo imangofika n'kubwerera.”

A Dario anayang'ana nyangazo nthawi yaitali. Anakhosomola.

“Nanga chimachoka?”

Hudson anavula magalasi aja pamphumi, nawapukuta ndi malaya.

“Muli pachikamwini, madala?”

“Ndangofunsa.”

“Onse amangofunsa. Tiyeni kuseri.”

Kuseri kwa shedi kunali mzere wina, wautali kuposa wakutsogolo uja. Zitseko zake zinali zokhuthala chimodzimodzi, penti yemweyo, koma zopanda felemu.

“Izi timazitcha za akamwini,” anatero Hudson, ndi mawu omwe munthu amanenera mtengo wa tomato. “Mumangomanga mapata ake ndi mabawuti pafelemu yathabwa yomwe muli nayo kale. Zinthu zikavuta, sipanala m'manja, kanthawi pang'ono, chili panjinga. Zimayenda malonda kuposa zinazo. Sipanala ndimapereka yaulere.”

“Nanga mphepo?”

“Chitsekocho sichilowetsa. Yolowetsa ndi felemu yanuyo. Thabwa lizifufuma n'kumanyala monga mwa khalidwe lake, chitsulo chili chiimire. Mpata ukhalapo ndithu.”

“Waukulu?”

“Khoswe sangadutse. Mphepo idutsa.”

A Dario anati akaganize kaye. Anazungulira msika, nagula mzimbe, nakhala pamwala n'kumatafuna. Musawaweruze msanga, abale. A Emma ankawakonda, chikondi chenicheni, cha anthu amene akalambira limodzi mpaka kufanana kayendedwe. Koma mantha nawo anali atakalamba nawo limodzi. Ankati akatseka maso kuti aone akazi awo akufunda bwino m'nyumba yopanda mphepo, ankadziona iwo eni ali pamsewu ndi thumba pamutu, opanda ngakhale chomangirira panjinga. Mzimbe utatha anabwerera kushedi, naloza kuseri. Hudson anangoika sipanala m'thumba la jekete lawo.

Chitseko chinafika pa matola, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona. Chakale chija atachizula chinagawanika patatu pomwepo, poti chinali chitafumbwa m'kati monse, ndipo a Emma anasonkhezera moto. Nyumba inanunkhira mkungudza masiku angapo. Chatsopano a Dario anachimanga madzulo omwewo, mabawuti onse gwa.

Mawa lake kunabwera a Pilato, mchimwene wawo wa a Emma, mwini mbumba. A Pilato anali munthu wa mwambo, wosakhota, wosaseka pagulu, amene ngakhale popatsa moni ankaoneka ngati akugamula mlandu. Ndi iwo amene anasudzula Gabriel. Anachigogoda chitseko, nachitsegula, nachitseka. Kenako anawerama n'kuyendetsa chala pa mabawuti aja, limodzilimodzi.

“Mwaganiza bwino, alamu,” anatero. “Zosavutitsa anthu mtsogolo.”

A Dario anathokoza. Nsima ya masana tsiku limenelo anangoitsinatsina.

Chiperoni sanachedwe. Anatsika m'mawa wina, phiri lonse n'kusowa, minda ya tiyi n'kusowa, ngakhale chimbudzi cha pakhomo pomwepo n'kumachita kuchifufuza. Felemu inafufuma kumtunda, kumunsi inasiya mpata wopyapyala, ndipo mphepo inaupeza mpatawo tsiku lomwelo. Chitseko chakale chinkalowetsa mphepo mwakachetechete. Chatsopanochi chinkaimba mluzu. A Dario anatsekapo ndi nsanza, mluzu n'kusamukira pena. Anatsekanso apo, n'kusamukiranso pena.

A Emma anali atakhala pamkeka, atafunda bulangete mpaka kumutu, kapu ya tiyi m'manja. Anatsokomola mpaka tiyi kutayika. Chifuwa chitawasiya pang'ono anapukuta pakamwa ndi nsalu.

“Bambo a Kondi, sipanala ija mwaisunga pati?”

“Sipanala iti?”

“Yomwe inali m'jekete ija. Muiike poonekera. Pamaliro zinthu zimasowa.”

A Dario anaima ndi nsanza m'manja. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi, manyazi oti chibadwire anali asanawamvepo. Akanakonda akazi awo akanawalalatira, kapena kuwaponyera kapu ija.

“Mayi a Kondi, ine sindikudikira imfa yanu.”

“Ndikudziwa. Mukuiopa. Inenso ndikuiopa. Kungoti ine ndikuiopa ndikuzizidwa.”

Anamwa tiyi wotsalayo. A Dario anaika nsanza pansi, natenga sipanala. Hudson sananame, ntchito yake inalidi ya kanthawi pang'ono. Pakhomo anapachikapo bulangete ndi mphasa, nauza akazi awo kuti akakhale kaye kukhitchini pafupi ndi moto, ndipo iwo anapita kumsewu kukadikira matola m'kamvula kaja.

Hudson atawaona akutsitsa chitseko anazimitsa makina.

“Pepani, madala. Akusudzulani kale?”

“Ndipatseni cha nyanga chija.”

“Chimene chija chikalowa, chalowa.”

“Ndamva kale. Puronto.” Mawu a kwawowo ankawatulukira akatsimikiza chinthu. Sipanala anaiika patebulo la Hudson.

Kuzula felemu yathabwa kunali kosavuta, poti inali itatopa kale. Kuboola khoma ndiye kunali ntchito. A Dario anagula simenti yambiri kuposa yomwe anauzidwa, nasakaniza ndi mchenga wochepa kuposa womwe anauzidwa, chifukwa munthu amene walapa amapitirira muyeso. Pofunika wogwirizira felemu kuti iime chilili anapezeka ndi a Pilato, amene ankangodutsa, mwa kunena kwawo. Anagwira felemuyo ndi manja onse awiri, maso ali pa nyanga zomwe zinkamira m'simenti.

“Alamu, mukudziwa zomwe mukuchitazi?”

“Ndikutseka mphepo.”

A Pilato anayang'ana kukhitchini, kumene mlongo wawo ankatsokomola, nayang'ananso alamu awo, amene anali simenti yokhayokha mpaka m'tsitsi. Anagwirizira mpaka dzuwa kupendeka.

Mluzu unatha. Chiperoni ankafika pakhomo n'kubwerera, monga ananenera Hudson. A Emma anamaliza nyengo yozizira imeneyo akufunda bulangete limodzi lokha, ndipo yotsatirayo anaimalizanso. Ankati akamva mphepo ikuwomba malata ankagogoda chitseko chakum'kati n'kunena kuti, “Eni ake kulibe.” Anamwalira nyengo yotentha, tsiku lopanda mphepo ndi pang'ono pomwe, masamba a nthochi ali zii. Mtima ndiwo unatopa, anatero kuchipatala.

Kondi anaimba foni akulira, koma mapepala ake a ku Joni sanamulole kubwera. Maliro anayenda bwino, anthu anadya, anameta. A Dario sanagwetse msozi, ndipo amayi ena anazinena zimenezo kuchitsime. Chomwe amayiwo sankadziwa n'chakuti munthuyo mutu wake wonse unali pamsewu. Zovala zawo, bulangete, chikwanje ndi puleni ija anali atazimanga kale m'thumba la feteleza, naliimika kuseri kwa chitseko. Kolowera sankakudziwa. Ankaganiza zokayamba ku Thuchila kwa Gabriel, ngati Gabrielyo anali moyo.

Tsiku losudzula abale anakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa, Rosie patsogolo. A Pilato anaimirira. Anathokoza a Dario chifukwa chosunga mlongo wawo, kumudwazika ndi kumuika m'manda mwaulemu. Anati mudzi ulibe nawo mangawa, ndipo kuyambira lero ndi mfulu, akhoza kupita kwawo, akhoza kukwatira kwina.

“Ndipo mutenge chanu chilichonse,” anatero. “Kuno sitidya za mkamwini.”

“Ndamanga kale,” anayankha a Dario. “Ndi thumba limodzi.”

“Nanga chitseko?”

“Chitseko ndasiya. Chikhale cha mwanayu.”

Rosie anawomba m'manja mothokoza. A Pilato sanamuyang'ane.

“Ayi,” anatero. “Mbuzi zija tonse tinaziona zikupita kumsika. Chitseko ndi chanu. Gabriel anapita ndi chake. Inu mukasiya chanu, anthu adzati a Pilato analanda mkamwini wopanda kwawo.”

“Amalume, asiya okhatu,” anatero Rosie. “Anena okha pagulu pano.”

“Mwambo sautsata theka, mwana iwe. Munthu amachoka ndi katundu wake. Mawa ndibwera ndi zida.”

Anabweradi, m'mawa, ndi nyundo ndi tchizulo. Anthu anasonkhana, poti kuno ntchito ya munthu mmodzi imafuna oonerera khumi. A Dario anakhala pakhonde, thumba lawo pambali. A Pilato anavula jekete, nalipinda bwinobwino, naika tchizulo pafupi ndi nyanga yakumtunda. Anamenya. Tchizulo inadumpha, simenti osakandika n'komwe. Anamenyanso, mwamphamvu. Simenti inangokhala, koma njerwa zoyandikana nayo, zomangidwa ndi dothi chabe, ndizo zinamva. Mng'alu unayamba pakona ya felemu n'kukwera chakudenga, ndipo kachidutswa ka njerwa kanagwera pamapazi a Rosie.

“Amalume, mugwetsa nyumba.”

A Pilato anabwerera m'mbuyo, nauyang'ana mng'aluwo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anapukuta thukuta, ngakhale anali atamenya kawiri kokha, ndipo aliyense amene analipo anaona kuti kachitatu sakufuna kumenya. Anaika nyundo pansi.

“Mwaona nonse,” anatero. “Ndayesa. Chitseko chikachoka, khoma lichoka nacho, denga litsatira. Nyumba ya mlongo wanga sindingaigwetse. Katundu wa mkamwini sindingadye. Ndipo munthu sachoka n'kusiya katundu wake.” Anatembenukira kwa a Dario, koma maso anawaponya pathumba lija. “Ndiye pepani, alamu, tikuchedwetsani. Mudikire kaye mpaka tipeze mmisiri wodziwa kuzula zoterezi.”

“Mmisiriyo apezeka liti?” anafunsa Rosie.

“Amisiri masiku ano ndi osowa.”

“Ku Nkando aliko. Amene anachipanga yemweyo.”

“Ameneyo ndi wopanga. Ine ndikunena wozula.” Anavala jekete lawo, namanga mabatani onse. “Ndizifunsafunsa. Pakadali pano, alamu, mng'aluwo muumate, mvula ili pafupi. Ndi munda uja musausiye thengo, anthu angatiseke.”

Rosie anadzuka, nakutumula chitenje chake, napita osatsanzika. Oonerera aja anabalalika pang'onopang'ono, okhumudwa kuti palibe chagwa. A Pilato anatola zida zawo. Podutsa pakhonde anaima pang'ono, ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, “Tapita,” n'kumapita.

A Dario anakhalabe pakhondepo mpaka bwalo litayera. Kenako ananyamula thumba lija, nalowa nalo m'nyumba, natseka chitseko. Anamasula chingwe, natulutsa bulangete, naliyala pabedi, mbali yawo. Mbali inayo, ya a Emma, anaiyang'ana. Masiku onse aja mantha anali atakhala pamalo pa misozi, ndipo tsopano mantha atachoka, munthu wamkulu uja anakhala pansi, natsamira bedi, nalira akazi awo mokweza ngati mwana. Panja sipanamveke kanthu. Chitsulo chake chinali chokhuthala.